Njanji ya Mao ndi manda a ku Chongwe

Ukatsata Great East Road n'kupitirira Chelstone, umakafika ku Chongwe pa TAZARA Memorial Park, malo amene Pulezidenti Hakainde Hichilema anatsegula mu Ogasiti 2022. Pamenepo pagona Matchaina amene anafera pantchito kuno ku Zambia. Akuluakulu a ku Beijing akamalankhula mu Lusaka, njanji ya TAZARA sisowa pakamwa pawo.

Nkhani yake ndi yoona, tisainyoze. Ian Smith wa ku Rhodesia atapandukira Britain mu 1965, kopa wathu anasowa njira yodalirika yopitira kunyanja. Maiko a azungu anati njanji yopita ku Tanzania ndi kutaya ndalama. Mao Zedong anavomera. Pangano linasainidwa ku Beijing pa 5 Seputembala 1967, ntchito inayamba mu 1970, ndipo pofika 1975 makilomita 1,860 anali atayalidwa kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi, pa ngongole yopanda chiwongoladzanja.

Koma taonani zakazo. Ndi nthawi ya Cultural Revolution, 1966 mpaka 1976, pamene ana asukulu ku China ankamenya aphunzitsi awo pagulu, ophunzira kwambiri n'kumatumizidwa kukalima kumidzi. Mu 1981 chipani cha Chikomyunizimu chinavomereza chokha kuti limenelo linali tsoka. Lero nkhaniyo amangoilambalala. Chiyambire 2018 kuli lamulo loletsa kunyoza ngwazi za chipani, ndipo chikalata cha mbiri chimene chinavomerezedwa mu 2021, mu ulamuliro wa Xi Jinping, chimadutsa zaka zimenezo mothamanga. TAZARA ndiye gawo lokoma la m'nyengo yowawa ija, n'chifukwa chake amalitulutsa alendo akafika. Za Azambia ndi Atanzania amene anafera panjanji yomweyo timamva mwa apo ndi apo.

Nafenso timadziwa kusankha zokumbukira. Mu 2006 Michael Sata, amene kale anali phungu wa Kabwata, anachita kampeni ya upulezidenti yodzudzula Matchaina, misozi ya ku Chambishi isanaume, kumene fakitale ya Matchaina ya mabomba a m'migodi inaphulika mu 2005 n'kupha antchito oposa 40. Sata anayamikiranso Taiwan, mpaka kazembe wa China Li Baodong anaopseza kuti ubale ungathe akapambana. Mu 2011 anapambanadi. Pasanathe miyezi iwiri anaitanira amalonda a ku China nkhomaliro ku State House.