Tsiku limene Ganesha anamwa mkaka

Pa 21 September 1995, kusanace, munthu wina mu kacisi ku New Delhi anaika supuni ya mkaka pa citamba ca fano la Ganesha, mulungu wa Ahindu wa mutu wa njovu. Mkaka unatha pa supuni. Pofika masana anthu anali pa mizele m'makacisi a India yense, ndipo nkhani inali itafika kale ku London, ku Canada na ku Nepal. Kumbukilani kuti panthawiyo kunalibe WhatsApp. Zonse zinayenda pa foni ya cingwe, pa wailesi na pa TV.

Asayansi a boma la India anapita ku kacisi wina tsiku lomwelo. Anangothila mtundu wa zakudya mu mkaka, kenako naonso anapeleka supuni. Mkaka unacoka pa supuni monga mwa nthawi zonse, koma manje unali kuoneka kumene ukupita: unali kutsetseleka pa thupi la fano mpaka pansi. Madzi akakhudza cinthu conyowa amamatila n'kukokana okha, monga mmene thaulo imakokela madzi mukaika nsonga yake m'beseni. Mafano ambili ni a mwala woyela, ndiye mkaka woyela suonekelapo, ndipo maluwa amene amaveka fano amabisa wotsala.

Mayeso amenewa ndimawakonda cifukwa ni ochipa. Mwana wa giledi 7 angawacite. Koma anayankha funso limodzi cabe: kodi mwala umamwa? Iyai. Funso lakuti nsembe imathandiza woipeleka ni lina, ndipo Ahindu eniake analilimbana nalo kalekale. Anzelu a gulu la Mimamsa, otsatila Jaimini, anaona vuto: nsembe imatha lelo, moto umazima, koma mphoto imabwela patapita zaka, mwina munthu atamwalila. Cimalumikiza ziwilizi n'ciani? Iwo anati nsembe imasiya mphamvu yosaoneka, yochedwa apurva, imene imadikila nthawi yake. Ni yankho lanzelu, koma palibe mtundu umene mungathile mu apurva kuti muione.

Zimene zingayesedwe ni malonjezo okhala na tsiku. Ngati wansembe anena kuti mwambo wakuti udzagwetsa mvula mlungu uno, lembani tsikulo mwambo usanacitike, ndipo muyelekezele na malo ena ofanana nyengo kumene sanaucite. Mukalola kuti mvula ya mwezi wamawa iwelengedwenso, simukuyesa ciliconse.

Ahindu ambili sapeleka nsembe monga kugula katundu. Mkaka, zipatso na maswiti zimabwelela kwa anthu monga prasad, cakudya codalitsidwa cimene onse amagawana. Mwina n'cifukwa cake mayeso a asayansi sanathetse nkhaniyi. Mu August 2006 ku Bareilly, m'cigawo ca Uttar Pradesh, anthu anathamangilanso ku makacisi na masupuni awo.