Johnny Cash ndi Nyimbo za Mayi Wake

Mwa oimba a dziko la Amereka amene mbiri yawo idafika patali, mmodzi ndi Johnny Cash. Ambiri amamudziwa ngati katswiri wa nyimbo za Country, zomwe zidachokera kwa alimi ndi anthu wamba a m'zigawo za kummwera kwa dzikolo. Koma kuyambira pa unyamata wake kufikira imfa, munthuyu sadaleke kuimba nyimbo zauzimu, ngakhale pamene eni malonda ankamuletsa, ndiponso pamene khalidwe lake lomwe linkatsutsana ndi zimene ankaimbazo. Mbiri yake ikutifunsa funso lovuta: kodi munthu wogwa kawirikawiri ali ndi ufulu woimba za Mulungu?

Cash adabadwa pa 26 Febuluwale 1932 ku Kingsland m'chigawo cha Arkansas. Mu 1935 banja lawo lidasamukira ku Dyess, kumene boma linkagawa minda kwa anthu osauka chifukwa chuma cha dziko chidali chitalowa pansi. Ana onse ankagwira ntchito m'munda wa thonje, ndipo mayi wawo, Carrie, ankawatsogolera kuimba nyimbo za m'tchalitchi, kumunda ndi kunyumba komwe. Mu Meyi 1944 tsoka lidagwa pabanjapo. Mkulu wake wa Johnny, dzina lake Jack, adavulazidwa ndi makina ochekera matabwa ndipo adamwalira patapita masiku owerengeka. Jack ankalakalaka kudzakhala mlaliki. Johnny adali ndi zaka 12, ndipo chisoni chimenechi adayenda nacho moyo wake wonse. Akuluakulu adati mmera m'poyamba: nyimbo za mayi ndi imfa ya mbale ndizo zidaumba woimba ameneyu.

Atatumikira m'gulu la asilikali a m'ndege ku Germany, adabwerera kwawo mu 1954 nakakhala mumzinda wa Memphis. Kumeneko adapita kwa Sam Phillips, mwini kampani yojambula nyimbo ya Sun Records, nadzionetsa ngati woimba nyimbo zauzimu. Phillips sadafune. Kampani yake idali yaing'ono, ndipo iye ankaona kuti nyimbo zotere sizingabweze ndalama. Cash adagonja, nayamba kuimba za chikondi, za sitima ndi za ndende. Mu 1956 nyimbo yake ya "I Walk the Line" idamutchukitsa m'dziko lonse. Komabe chilakolako chake choyamba sichidazime. Mu 1958 adachoka ku Sun kupita ku kampani yaikulu ya Columbia, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali chakuti kumeneko adamulola kujambula zauzimu. Chimbale cha "Hymns by Johnny Cash" chidatuluka mu 1959, ndipo china, "Hymns from the Heart", chidatsatira mu 1962.

Tsono chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Maulendo osatha okaimba m'mizinda yosiyanasiyana adamuchititsa kuyamba kumwa mapiritsi ochotsa tulo, kenaka enanso obweretsa tulo, mpaka adasanduka kapolo wa mankhwala ozunguza bongo. Mu Okutobala 1965 adagwidwa ku El Paso, m'chigawo cha Texas, ali ndi mapiritsi ochuluka amene adagula ku Mexico. Ukwati wake ndi Vivian Liberto, amene adabereka naye ana aakazi anayi, udatha. Tisabise: anthu amene adapwetekedwa kwambiri m'zaka zimenezi adali a m'nyumba mwake, pamene iye ankaimba za chipulumutso pamaso pa makamu.

Amene adamuthandiza kudzuka ndi woimba mnzake June Carter pamodzi ndi makolo ake, a m'banja lotchuka pa nyimbo zakale za kumidzi ndi za m'tchalitchi. Awiriwa adakwatirana pa 1 Malichi 1968. Masabata angapo ukwatiwo usanachitike, pa 13 Januwale, Cash adakaimbira akaidi a kundende ya Folsom ku California, ndipo zonse zidajambulidwa pa chimbale. Nyimbo yotsekera, "Greystone Chapel", yokamba za kachisi wa m'ndendemo, idapekedwa ndi mkaidi Glen Sherley, yemwe adali pakati pa omvera. Apa m'pamene pakuonekera bwino mtundu wa chikhristu cha Cash. Iye sadapite kwa akaidi ngati munthu wolungama wokadzudzula ochimwa. Adatenga pemphero la mkaidi naliimba ngati lake.

Kuyambira 1969 mpaka 1971 adali ndi pulogalamu yake pa wailesi yakanema ya ABC. Inkajambulidwa m'nyumba ya Ryman ku Nashville, nyumba imene poyamba idamangidwa ngati malo opembedzeramo. M'pulogalamuyi ankaikamo nyimbo zauzimu, ndipo adanena poyera kuti iye ndi Mkhristu, ngakhale akuluakulu a wailesiyo sadakondwere nazo. Mu 1973 adatulutsa kanema wa moyo wa Yesu wotchedwa "Gospel Road", wojambulidwa ku Israel ndi ndalama za m'thumba mwake. June ndiye adasewera ngati Mariya wa ku Magadala. M'zaka zomwezo adapalana ubwenzi ndi mlaliki Billy Graham, ndipo ankaimba pa misonkhano yake ya chitsitsimutso.

Nthano ikadakhala yopeka, ikadathera pamenepa. Koma mankhwala aja adamubwereranso, ndipo mu 1983 adagonekedwa ku Betty Ford Center, chipatala chothandiza anthu ogwidwa ndi chizolowezi chotere. Mu 1986 kampani ya Columbia idamusiya chifukwa zimbale zake sizinkagulidwanso monga kale. Chaka chomwecho adasindikiza buku la "Man in White", lofotokoza kutembenuka mtima kwa mtumwi Paulo, munthu amene adalemba yekha za munga wa m'thupi mwake. N'zosadabwitsa kuti Cash adasankha Paulo. Mu 1990 adajambulanso mawu ake akuwerenga Chipangano Chatsopano chonse.

Mu 1994 katswiri wojambula nyimbo Rick Rubin adamubwezera kwa omvera atsopano, akuimba yekha ndi gitala basi. Atakalamba ndi kufooka ndi matenda, adapeka nyimbo ya "The Man Comes Around", yotuluka mu 2002, yomwe zithunzi zake zambiri n'zochokera m'buku la Chivumbulutso. Adajambulanso nyimbo za m'buku lakale limene mayi wake ankaimbira, ndipo chimbalecho chidatchedwa "My Mother's Hymn Book". June adamwalira pa 15 Meyi 2003, ndipo Cash adamutsatira pa 12 Sepitembala chaka chomwecho, ali ndi zaka 71. Nyimbo za mayi wake zija zidafika kwa anthu iye atapita kale.

Tibwerere tsono ku funso lathu. Pali ena amene anganene kuti munthu wotere adali wachiphamaso, ndipo sitingawatsutse mopepuka, pakuti zolakwa zake zidali zenizeni ndipo zidaliza anthu. Koma wachiphamaso amabisa chilonda chake, pomwe Cash adalemba za kugwa kwake m'mabuku ndi kuzinena pamaso pa anthu. Wachiphamaso amafuna phindu, pomwe iye nyimbo zauzimu zidamukanganitsa ndi eni malonda ndi kumudyera ndalama zake. Adaimba za chikhululukiro chifukwa iye mwini ndiye ankachisowa tsiku ndi tsiku, ndipo akaidi, odwala ndi olefuka adamukhulupirira pa chifukwa chomwecho.

Inu ophunzira, poweruza anthu a m'mbiri musamangowerenga kuti adagwa kangati. Muzifunsanso kuti atagwa adanena zoona kapena adanama, ndiponso kuti chimene ankakhulupiriracho adachilipirira mtengo wotani.