Kuchokera pa valimba kufika pa kiyibodi: mbiri ya zoimbira kwa Mbenje

Kalekale, magetsi asanafike pa Bangula ndi pa Sorgin, nyimbo za kwa Mfumu Mbenje m'boma la Nsanje zinkatuluka m'manja mwa anthu. Amang'anja ndi Asena a m'chigwa cha Shire anali ndi ng'oma, bangwe ndi valimba. Valimba ndi timatabwa tosema bwino, tondandalika kuyambira taliwu lalikulu mpaka taliwu laling'ono, ndipo kunsi kwake amamangirira zikho. Chikho chilichonse amachiboola n'kumatapo kansalu koyera ka kangaude kuti mawu azituluka monjenjemera. Amuna atatu amakhala pa choimbira chimodzi, aliyense ndi chigawo chake, wina pambali akuomba kang'oma, wina akugwedeza nkhocho.

Pamaliro valimba ankalira usiku wonse. Woimba maso ake ankakhala pa miyendo ya ovina. Akaona kuti anthu atopa ankabweza liwiro, gule akakolera ankawonjezera moto. Panalibe wofunsa ngati munthuyo ndi waluso kapena wongosangalatsa, pakuti wopanda luso sakanasunga anthu pabwalo mpaka tambala kulira. Pamene Hugh Tracey ankayendayenda mu Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 kujambula nyimbo, za Amang'anja zomwe, Nsanje akutchedwa Port Herald, kaimbidwe kanali kameneka.

Kenako kudabwera gitala ndi banjo, ndipo kuyambira 1964 wailesi ya MBC idayamba kufalitsa nyimbo dziko lonse. Gulu la Lucky Stars lidamveketsa Chisena kutali ndi nyimbo ya Chinafuna M'bale. Zoimbira zidasintha, koma chingwe chilichonse chinkafunabe chala cha munthu.

Kusintha kwakukulu kudayambira ku Japan. Cha m'ma 1980 makampani a Casio ndi Yamaha adayamba kugulitsa makiyibodi onyamulika okhala ndi ng'oma ndi besi m'kati mwake. Ukasankha sitayilo n'kudina zala kumanzere, makinawo amaimba okha gulu lonse. Ku Jamaica mu 1985 Wayne Smith ndi King Jammy adatulutsa Under Mi Sleng Teng pa biti yopezeka kale mu Casio MT-40, ndipo nyimbo za dzikolo zidatembenukira ku makina. Kuno kwathu, m'zaka za m'ma 1990, situdiyo ya Paul Banda ku Balaka idazoloweretsa makutu a Amalawi kiyibodi ndi ng'oma za makina, ndipo makaseti adafikitsa kamvekedweko mpaka kumisika ya kuchigwa.

Mwana wa kuchigwa komweko, Joseph Tembo wa ku Chikwawa, adaonetsa kuti makina atha kumvera munthu. Ankadziwa kuimba zida zingapo, adajambula oimba ambiri, ndipo nyimbo zake ngati Dimingu zidanyamula kavinidwe ka kwawo. Adasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo mu 2009, n'kumwalira mu 2019. Iye makina ankawauza zochita chifukwa nyimbo adaidziwa kale ndi manja.

Lero pitani kutchalitchi kapena kuukwati kwa Mbenje. Mupeza mnyamata mmodzi, kiyibodi pa tebulo, batire lotchajidwa ndi sola pansi, sipika ziwiri panja. Anthu amavina, perekaniperekani amayenda, ndipo mwini ukwati sanabwereke galimoto yonyamula gulu la anthu asanu ndi mmodzi. M'dera limene madzi osefukira amakokolola mbewu ndi katundu, monga mu 2015, mu 2019 ndi mu 2023, kutchipa kumeneku si chinthu chochinyoza.

Koma imani kumbuyo kwa anyamata awiri otere muone zala. Wina amalowetsa fulashi, nyimbo n'kumadziimba yokha, iye akungoyendetsa manja pamwamba ndi kugwedeza mutu. Mayi wotsogolera kwaya akayambira nyimbo m'mwamba pang'ono, kapena akabwereza ndime chifukwa yawakhudza mtima, mnyamatayo amasowa kolowera, kwaya n'kumathamangira makina. Mnzake amatchera khutu, amapeza kiyi ya mayiwo, amachepetsa liwiro, ndipo pakafunika amazimitsa biti n'kuperekeza mawu ndi zala zokha. Onsewa anthu amawaombera m'manja, koma wachiwiriyu ndiye mdzukulu weniweni wa oimba valimba.

Choncho mkangano woti chofunika ndi chisangalalo kapena luso ndi wachilendo m'mbiri ya dera lino. Kiyibodi ikhale, ndipo mabiti ake agwire ntchito. Chimene tipemphe kwa ana athu n'chakuti aphunzire kuimba biti itazimitsidwa, adziwe kusintha kiyi, ndiponso akakhale pansi ndi akuluakulu a valimba amene adakali moyo, atenge kagundidwe ka magule a utse ndi likhuba n'kukalowetsa m'makinamo. Mipingo ndi makomiti a maukwati nawonso, polemba woimba, ayambe amuyesa: wina ayambitse nyimbo mosamuuza, aone ngati angaitsatire.