Kugula liwiro: mmene mphatso ya tsiku lobadwa inafikira kunyanja kwathu

Akuluakulu a ku Senga Bay, ku Lifuwu ndi ku Chipoka sankadziwa tsiku limene anabadwa, ndipo panalibe amene ankaona kuti n'zochititsa manyazi. Wina ankati anabadwa chaka cha dzombe. Wina ankati njala ya 1949 inamupeza akuyamwa. Bambo anga ankati pa chipwirikiti cha 1959 n'kuti atayamba kale kupita okha kukavuula makoka. Masiku enieni ankapezeka m'mabuku a ubatizo ndi m'kaundula wa sukulu, ngakhale kuti kusukuluko aphunzitsi nthawi zambiri ankangoyang'ana msinkhu wa mwana n'kumulembera chaka. Mphatso zinalipo ndithu, koma zinali ndi nthawi zake: mwana akatuluka m'chikuta, anyamata akatuluka ku jando, namwali akatha chinamwali, pa ukwati, ndiponso zovala zatsopano za pa Idi kapena pa Khirisimasi.

Tsiku lobadwa loyamba limene mudzi wonse unalidziwa silinali la munthu wa m'mudzimo. Linali la Kamuzu, pa 14 May. Masukulu ankatsekedwa, amayi ankavala nsalu za nkhope yake n'kukavina, ndipo ife ana tinaphunzirira pamenepo kuti kubadwa kwa munthu kumatha kukhala ndi tsiku lake pa kalendala. Za keke ndi makandulo zinabwera pambuyo pake, ndi anthu a m'tauni. Nkhalamba zambiri za kuno zinayamba kuyenda ndi tsiku lobadwa m'thumba mu 2017, pamene boma linalembetsa anthu ziphaso za unzika.

Ndakumba zonsezi chifukwa cha lamya imene ndinalandira kuchokera ku Joni. Mwana wa mchemwali wanga, amene ndinamulera ndine bambo ake atamwalira, amakonza magalimoto kumeneko ndipo akukwanitsa zaka 40. Mkazi wake ndiye anaimba. "Amalume," anatero, "ndikufuna ndiwagulire mwayi woti akayendetse galimoto ya mpikisano pa bwalo. Kodi n'zoyenera, kapena ndingowagulira suti?"

Kwa amene sanazimvepo, zimayenda chonchi. Ku South Africa kuli mabwalo a phula omangidwira mpikisano wa magalimoto basi, monga Kyalami, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, lomwe kuzungulira kamodzi ndi makilomita pafupifupi 4.5, ndi Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, la makilomita 2.4. Masiku amene kulibe mpikisano, makampani ena amagulitsa nthawi ya pa bwalo. Wogula amalandira chikalata chokapereka kwa mwini tsikulo. Iyeyo akafika amaonetsa laisensi yake, amasaina kuti akudziwa kuopsa kwa zimene akuchita, amamvera malangizo a mbendera ndi a pokhota, amavala chisoti, kenako amalowa m'galimoto mlangizi atakhala pambali pake. Amazungulira maulendo owerengeka, zatha. Pali njira inanso, yoti katswiri ndiye agwire chiwongolero, iwe ungokhala pambali n'kumva mmene thupi likukankhidwira kumpando.

Ku Salima kulibe bwalo lotere, koma liwiro tinali nalo kalekale, ndipo linali la ntchito. Bwato losemedwa ku mtengo umodzi silikhululuka: ukapalasa mopotoka limakuzunguza, ukalemetsa mbali imodzi limakutaya. Asodzi a usipa akamabwerera m'bandakucha ankathamangitsana kufika kudooko, chifukwa wofika msanga ndiye ankapeza ogula asanakhute, nsomba zake zikadali zonyezimira. Panalibe woimba wezulo kapena wogawa mphoto, koma mudzi wonse unkadziwa kuti mkono wolimba ndi wa yani. Ndipo panali liwiro lina, lothawa imfa. Mwera ukayamba, kuyambira cha mu May mpaka mu August, nyanja imatha kusintha nkhope munthu usanamalize kukweza ukonde. Amene anaonapo mzere wakuda uja ukubwera pamadzi kuchokera kummwera amadziwa mmene nkhafi imapepukira m'manja.

Mpaka lero, amene akufuna kuona mpikisano weniweni wa kunyanja kwathu apite ku Chikombe nthawi yotsegulira chilumba cha Mbenje. Kuyambira m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi pachilumbachi kuchokera mu December mpaka mu April kuti nsomba ziswane, ndipo malamulo ake ndi okhwima: mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa. Mwambo wotsegulira ukangotha, maboti a chilimira amanyamuka mopikisana, aliyense kufuna kukayamba kuponya pamalo a utaka. Phokoso la mainjini a Yamaha tsiku limenelo limalowa mpaka m'chifuwa. Ine ndinakhala zaka zanga zaunyamata ndikukonza mainjini amenewa, ndipo mwana wa mchemwali wangayo anaphunzirira pa iwo kugwira sipanala asanaonepo mkati mwa galimoto.

Liwiro la makina linafika ndi njanji. Mu 1935, chaka chimene mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa, sitima ya pamtunda yochokera ku Blantyre inafika ku Salima. Cholinga poyamba chinali chokafika ku Domira Bay, koma njanji inathera pano, ndipo Chipoka ndiye anakhala doko lokumanirana sitima ya pamtunda ndi ya pamadzi. Sitima ya pamadzi ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland n'kubwera zidutswazidutswa, inayamba kuyenda mu 1951. Koma zonsezi zinali zonyamula thonje, mpunga, nsomba zouma ndi anthu a pa ulendo. Palibe ankakwera kuti asangalale ndi kuthamanga kwake.

Kuthamanga kongosangalala tinakuonera pa mchenga wa hotela. Grand Beach Hotel, imene pambuyo pake inatchedwa Livingstonia Beach ndipo lero ili m'manja mwa Sunbird, inkalandira azungu a m'boma ndi a m'maesiteti, ndipo ena ankabwera ndi timaboti tawo ta injini tokoka munthu ataima pa timatabwa. Makolo athu ankaima patali n'kumadabwa kuti petulo wokwanira kukafika ku zilumba za Maleri n'kubwerako ndi nsomba akungothera kuzungulira pamalo amodzi. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, Senga Bay inasanduka nyanja ya anthu a mumzindawo, ndipo pang'ono ndi pang'ono okwera maboti aja anayamba kukhala Amalawi anzathu. Mu 1984 kunayamba mpikisano wa maboti a matanga, wa makilomita oposa 500, wochokera cha ku Mangochi kulowera kumpoto. Amauchita dala m'nyengo ya mwera, mphepo yomwe ife timaithawa, ndipo Senga Bay ndi amodzi mwa malo amene opikisanawo amagonapo. Ndinkapita kukaona matanga amitundumitundu aja akutulukira, ndipo sindibisa, mtima unkandikoka.

Lero Loweruka lililonse pagombe pamakhala gulu la ku Lilongwe ndi keke yawo. Akadya, amachita hayala boti lothamanga kuti mwini tsiku akazungulire chilumba cha Namalenje, ndipo amabwerako atanyowa, akukuwa ndi chimwemwe. Oyendetsa maboti amenewa ndi ana a asodzi. Choncho mphatso imene apongozi anga ankafunsa si yachilendo kwenikweni kwathu kuno. Yangosintha kuchoka pamadzi kupita pa phula.

Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi malo amene mabwalo a magalimoto aja ali. Bwalo la Kyalami linatsegulidwa mu 1961, ndipo kuyambira 1967 mpaka 1985, kenakonso mu 1992 ndi 1993, linkalandira mpikisano wa Formula One. Pa mpikisano wa 1967, John Love wa ku Bulawayo, ndi galimoto yake yakale ya Cooper, anatsogolera akatswiri a dziko lonse mpaka atatsala pang'ono kumaliza, pamene anakakamizika kuima kuti athire mafuta. Anathera pa nambala 2, kumbuyo kwa Pedro Rodríguez. M'zaka zomwezo, mtunda wosatalika kuchokera pabwalopo, amuna a kuno ku Salima anali pansi pa nthaka m'migodi ya golide. Anapita ndi Wenela, monga anapitira Amalawi zikwizikwi, mpaka mu 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu opita ku migodi. Agogo ake aamuna a mnyamata wathuyu, a kuchimuna, anali m'gulu la opita ku migodi. Anabwerako ndi njinga ya Humber, bulangete, wailesi ndi chifuwa chimene sichinapole. Pansi pa malamulo a tsankho a nthawi imeneyo, munthu ngati iwo sakanayerekeza n'komwe kukhala pa chiwongolero cha galimoto ya pabwalo lija. Mdzukulu wawo lero akhoza kufika pachipata cha bwalo lotere ndi chikalata m'manja, n'kulandiridwa ngati wina aliyense wolipira. Kwa ine zimenezi si zazing'ono.

Sindikunena kuti ndalama yake ndi yochepa. Kumudzi kuno alipo amene angamve n'kunena kuti ikanagula malata kapena feteleza, ndipo sangakhale akulakwa. Koma mnyamatayu wakhala akutumiza ya malata ndi ya feteleza chaka ndi chaka chichokereni. Analipirira sukulu azing'ono ake, anamangira mayi ake nyumba ya njerwa zootcha. Tsiku ndi tsiku amagona pansi pa magalimoto a eni, kuwakonza kuti ena akathamange nawo. Ngati mkazi wake wasunga payekha kuti tsiku limodzi mwamuna wake akhale pampando wa kutsogolo, ine mwinimbumba ndilibe chifukwa choletsera. Ndiponso mwamuna amene ali ndi njala ya liwiro ndi bwino akaithetsere pamalo opanda kabaza, opanda mbuzi, opanda ana a sukulu m'mbali, kusiyana ndi pa zitunda za msewu wochokera ku Lilongwe, pamene takhala tikutola anthu.

Ndiye ndinawayankha apongozi angawo kuti agule, koma asankhe yoti ayendetse yekha mlangizi ali pambali, osati yongomukweza. Pamenepa ndinakumbukira mmene ife ankatiphunzitsira bwato: bambo ankakhala kutsogolo, iwe n'kukupatsa nkhafi ya kumbuyo yowongolera, ndipo chimene unkachikumbuka moyo wako wonse sichinali kuthamanga kwa bwatolo koma kuti linkamvera dzanja lako. Munthu wodziwa injini ngati iye, kumukhazika pambali kungakhale kumumana theka la mphatso.

Ndinawauzanso kuti afunse bwinobwino asanalipire: kuti chikalatacho chimatha mphamvu liti, kuti mvula ikagwa tsikulo amasinthira munthu tsiku lina kapena ayi, kuti galimoto ikakhudza khoma amalipira ndani ndiponso zingati, ndi kuti laisensi imene ali nayo aivomera. Asatengeke ndi dzina lalikulu la galimoto n'kupeza kuti azungulira kawiri kokha. Kuli bwino galimoto yocheperako mphamvu koma maulendo ambiri, chifukwa maulendo oyamba amathera kuphunzira pokhota. Ndipo ana apite nawo, aime pamene oonerera amaloledwa kuima.

Apongoziwo anasankha Zwartkops, poti ndi kufupi ndi kumene amakhala. Ine ndalonjeza kutumiza utaka wouma wa ku Mbenje pa basi ya ku Joni, kuti akachoka kubwaloko akadyere nsima kunyumba.