Mbiri ya Lusaka ili m'makomboni

Alendo opita ku Mérida, m'dziko la Spain, amakaona bwalo la zisudzo la Aroma, omwe anakhazikitsa mzindawo m'chaka cha 25 Yesu asanabadwe. Lusaka alibe miyala yakale chotero, poti anakhala likulu mu 1935. Zoti munthu akaone zili m'makomboni.

Ku Matero, komwe atsamunda anamangira antchito akuda, kuli nyumba nambala 3144. Munthu angaipitirire osaizindikira, chonsecho inali likulu la UNIP chipanicho chitangobadwa kumene. Ku Chilenje, m'nyumba nambala 394 ndi momwe Kenneth Kaunda ankakhala kuyambira Januwale 1960 mpaka Disembala 1962, nthawi ya ndawala yomenyera ufulu ya Cha Cha Cha. Tizipinda take n'topanikiza, katundu wa banjalo alimobe, ndipo panja paima Land Rover yomwe ankayendera pomema anthu kuti amenyere ufulu.

Ku Kabwata kunali nyumba zozungulira zofolera ndi udzu, zogonamo amuna obwera kudzagwira ntchito atasiya mabanja kumudzi. Zambiri zinagwetsedwa. Zotsalazo zinasanduka mudzi wa zachikhalidwe mu 1974, ndipo amisiri amasemerako ziboliboli mpaka lero.

Aphunzitsi a m'makomboni a George, Kanyama ndi Chawama, tengani ana anu mukawaonetse nyumba zimenezi.