Katete ndi Mkaika: Zimene Mlendo Wodekha Angaone

M'nkhani ya lero tikutengani ulendo wa ku Katete, m'chigawo cha Kum'mawa cha dziko la Zambia. Ambiri a inu amene mumayenda pa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata mumadziwa Katete ngati malo amene basi imaimapo kanthawi, anthu n'kutsika kukagula nthochi ndi mtedza, kenaka n'kupitiriza ulendo. Komatu akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene angatsike pamenepo ndi kugonapo masiku awiri kapena atatu adzapeza kuti mbiri ya Achewa, kuyambira makedzana mpaka lero, yaunjikana m'kadera kameneka.

Yambani ndi msika. Pitani m'mamawa, pamene alimi akufika pa njinga ndi pa ngolo za ng'ombe atasenza chimanga, mtedza, mbatata ndi nkhuku. Mukatha kugula, funsani za msewu umene umapatuka pa Katete kulowera kum'mwera. Msewu umenewo umafika pa malire a Chanida, n'kulowa m'dziko la Mozambique mpaka ku Tete. Malonda a pakati pa dera lino ndi Tete ndi akale kwambiri kuposa galimoto. Makolo ankatsika ku mtsinje wa Zambezi ndi minyanga ya njovu, makasu osulidwa ndi golide, pobwerera atatenga nsalu ndi mikanda. Mpwitikizi wina, dzina lake Lacerda, ananyamuka ku Tete m'chaka cha 1798 nadutsa m'dziko la Amaravi popita kwa Kazembe. Mu 1831 anatsatira Monteiro ndi Gamitto, ndipo Gamitto analemba zambiri za miyambo ya Achewa ndi za mfumu yawo Undi. Motero amene akutsatsa malonda pa Katete lero akupitiriza ntchito imene inayamba zaka mazana angapo zapitazo.

Mukachoka pa msika, kwezani maso muone mapiri. Mapiri a Mphangwe ali pafupi, ndipo m'dera lonse lino muli matanthwe ndi mapanga amene anthu ankakhalamo Achewa asanafike. Phanga la Makwe, m'boma la Katete, linafukulidwa ndi katswiri wa zinthu zakale David Phillipson m'zaka za m'ma 1960, ndipo anapezamo zipangizo zing'onozing'ono za miyala zimene alenje ankasaka ndi kusendera nyama. Ku phanga la Kalemba, m'boma la Chadiza, anapeza umboni wakuti anthu anakhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Pa makoma a mapanga a dera lino pali zojambula za mitundu iwiri. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndizo zakale kwambiri, ndipo akatswiri amati anazijambula ndi alenje aja amene makolo athu ankawatcha Akafula. Zoyera ndi za Achewa eni ake, zokhudza Nyau ndi chinamwali. Zofanana nazo zili ku Chongoni, ku Dedza m'dziko la Malawi, kumene bungwe la UNESCO linaika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Popita ku mapanga, yambani mwalonjera mfumu ya mudzi wapafupi ndi kupempha munthu wokuperekezani, pakuti safunsa anadya phula.

Tsono tifike ku Mkaika, mudzi umene uli pafupi ndi Katete. Pa masiku wamba mudzaona nyumba ya mfumu, bwalo lalikulu ndi minda, osati zambiri. Kodi n'chifukwa chiyani dzina la mudzi umenewu limadziwika m'maiko atatu? Chifukwa chake n'chakuti ndilo likulu la Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique. Akuluakulu amamasulira maina atatuwo motere: Kalonga ndi wolonga mafumu, Gawa ndi wogawa malo, ndipo Undi ndi wofungatira anthu monga mmene nkhuku imafungatira anapiye.

Ufumu umenewu sunayambire pa Mkaika. Mbiri imati Achewa a pfuko la Phiri anachokera ku Uluba, m'dziko limene lero ndi Congo, nakhazikitsa ufumu wa Maravi kum'mwera kwa nyanja ya Malawi, likulu lake ku Mankhamba. Patapita nthawi panabuka kusamvana m'banja lachifumu, ndipo Undi, mbale wa Kalonga, anasamukira kumadzulo nakamanga ku Mano, cha ku mtsinje wa Kapoche, m'chigawo chimene lero ndi Tete. Posamuka anatenga Nyangu, mayi wa ufumu. Kwa Achewa, amene amalowa ufumu motsata kuchikazi, imeneyi inali nkhani yaikulu, pakuti kumene kuli Nyangu ndiko kumabadwa olowa m'malo. Ali ku Mano, Undi anagawa malo kwa abale ndi nduna zake, ndipo iwo ankabweza ulemu popereka mitulo. Mlenje akapha njovu, nyanga yogunda pansi inali ya mwini dziko. Mvula ikavuta, ankatumiza nsembe kwa Makewana ku kachisi wa ku Msinja.

M'zaka za m'ma 1800 ufumuwo unagwedezeka. Achikunda ndi amalonda ena okhala ndi mfuti analowa m'dzikomo kufuna minyanga ndi akapolo, ndipo mafumu aang'ono anayamba kuchita nawo malonda osadzera kwa Undi. Angoni anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo pambuyo pake a Mpezeni anakhazikika cha ku Chipata, nathira nkhondo midzi yambiri ya Achewa. Kenaka, mu 1891, Angerezi ndi Apwitikizi anapangana malire ali kwawo ku Ulaya. Malirewo anadula mtundu umodzi patatu, kotero kuti malume anapezeka ali nzika ya dziko lina, mphwake wa dziko linanso. Undi anatsalira ku mbali ya Apwitikizi, kumene msonkho ndi ntchito yokakamiza zinathawitsa anthu ambiri. M'zaka za m'ma 1930 iyenso anaolokera ku Northern Rhodesia, ndipo m'kupita kwa nthawi likulu linakhazikika pa Mkaika.

Ngati mungathe kusankha nthawi ya ulendo wanu, sankhani kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, pamene kumachitika mwambo wa Kulamba. Pa Loweruka lomaliza la mweziwo mafumu a Achewa a maiko atatu amabwera kudzapereka mitulo ndi kufotokozera Gawa Undi za moyo wa anthu awo: zokolola, matenda, milandu ndi chitukuko. Kuchokera ku Katete mudzaona a Mbang'ombe, a Kawaza ndi a Kathumba. Kuchokera ku Vubwi, a Pembamoyo. Mudzaona anamwali atakongoletsedwa ndi mikanda, amayi akuvina chimtali, ndiponso Gule Wamkulu: makanja oyenda pa mitengo yaitali, kasiyamaliro, ndi zilombo zina zochuluka. Gule ameneyu UNESCO inamulengeza kukhala chuma cha anthu onse mu 2005. Poonerera, khalani kumene akukuuzani, musatsate gule kudambwe, ndipo musajambule chithunzi musanapemphe.

Koma dziwani kuti mwambo umenewu unatsala pang'ono kutayika. Boma la atsamunda linauletsa mu 1934, ndipo kwa zaka 50 ng'oma za Kulamba sizinamveke. Mwana wobadwa chaka chimenecho anamera imvi asanauone. Unabwerera mu 1984, mwa khama la Kalonga Gawa Undi Chivunga, amene anakhala pa mpando zaka zoposa 50 kufikira imfa yake mu 2004. Unatheka kubwerera chifukwa panali nkhalamba zimene zinkakumbukirabe dongosolo lake. Pakanapita zaka zina 20, zikanapita nazo kumanda. Mu 2007, pa nthawi ya Kalonga Gawa Undi Mkhomo, atsogoleri a maiko onse atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pamodzi pa bwalo la Mkaika. Malire a 1891 akadalipo, koma pa tsiku la Kulamba abale amene anagawidwa amadyera mbale imodzi.

Musachoke musanaone mbali ina ya mbiri ya dera lino, ya mamishoni. Mishoni ya Nyanje, m'boma la Sinda, inatsegulidwa ndi a mpingo wa Dutch Reformed mu 1905. Kumpoto kwa Katete kuli Msoro, kumene wansembe wa Anglican Leonard Kamungu, Mwafirika wochokera cha ku nyanja ya Malawi, anayambitsa mishoni nagwira ntchito mpaka imfa yake mu 1913. Pa Katete penipeni pali chipatala cha St Francis, chimene chinayamba mu 1948 ndi wansembe amene analinso dokotala, Francis Trefusis. Kwa zaka zambiri amishoni ndi a Nyau ankalimbana kwambiri, sukulu ndi dambwe zikukanganirana anyamata omwewo. Lero mudzaona kuti anthu ambiri amene amaonerera gule pa Loweruka amapezekanso m'tchalitchi tsiku lotsatira.

Pomaliza, tili ndi pempho kwa inu, makamaka aphunzitsi ndi ana a sukulu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi. Mwambo unaletsedwa n'kubwerera chifukwa unasungidwa m'mitima ya anthu. Chojambula cha m'phanga chikafafanizidwa ndi makala, utsi kapena dzina la munthu wosasamala, palibe nkhalamba imene ingachibwezeretse. Choncho pitani mukaone malo amenewa, koma muwasiye monga mwawapezera. Khalani pansi ndi agogo anu, muwafunse maina a mapiri, a mitsinje ndi a mafumu amene analamulira mudzi wanu, ndipo mulembe zimene akuuzeni iwo akadali ndi moyo.