Mbiri ya Chisamaliro cha Thanzi la M'maganizo pa Sukulu ya Usilikali ya West Point

Sukulu ya usilikali ya West Point ili m'mbali mwa mtsinje wa Hudson, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa mzinda wa New York. Kuyambira 1802, dziko la America lakhala likusulira kumeneko atsogoleri a asilikali ake a pamtunda. Ophunzira ake, omwe amatchedwa makadeti, alipo oposa 4,000. Amalowa ali a zaka zoyambira 17 mpaka 22, osakwatira kapena kukwatiwa, amaphunzira zaka zinayi, ndipo akamaliza amayenera kutumikira zaka zisanu ngati maofesala. Sukuluyi imapanikiza ophunzira mwadala, poganiza kuti munthu amene adzatsogolere anzake pa nkhondo ayenera kuzolowera kuganiza bwino ali wotopa, wamantha ndi wosowa tulo. Mbiri ya chisamaliro cha thanzi la m'maganizo pa sukuluyi ndi ya mmene akuluakulu adaphunzirira, pang'onopang'ono, kusiyanitsa chipsinjo chimene chimakhwimitsa munthu ndi nkhanza zimene zimamuwononga.

Maziko a Thayer

Amene adaumba khalidwe la sukuluyi ndi Sylvanus Thayer, yemwe adaitsogolera kuyambira 1817 mpaka 1833. Iye adalamula kuti kadeti aliyense aziyankha mafunso m'kalasi tsiku lililonse ndi kupatsidwa malikisi tsiku lomwelo. Makadeti ankawandanda kuyambira woyamba mpaka wotsiriza, ndipo nambala imene munthu wakhala ndi imene inkasonyeza nthambi ya usilikali imene adzalowe. Cholakwa chilichonse, kaya kuchedwa pa perete kapena batani losamanga, chinkalembedwa m'buku, ndipo zolakwa zikachuluka munthu ankachotsedwa. Ndalama zochokera kwawo sizinkaloledwa, ndipo tchuthi chachitali chinali chimodzi chokha pa zaka zonse zinayi.

M'nthawi imeneyo palibe amene ankalankhula za thanzi la m'maganizo. Mnyamata wosowa mtendere mumtima ankaonedwa ngati wofooka kapena wopanda khalidwe, ndipo mankhwala ake anali chilango kapena ulendo wobwerera kwawo. Munthu yekhayo amene ntchito yake inkakhudza za mumtima anali m'busa wa pasukulu, amenenso ankaphunzitsa za chikhalidwe. Kupita ku tchalitchi kunali lamulo, ndipo kudakhala lamulo mpaka khothi litathetsa mu 1972.

Kuzunza atsopano ndi imfa ya Oscar Booz

Itatha nkhondo yapachiweniweni ya ku America mu 1865, mwambo wozunza makadeti a chaka choyamba udakula kwambiri. Unkafanana ndi zimene zinkachitikira ana a fomu 1 m'sukulu zogonera konko, koma unkapitirira muyeso. Akuluakulu a m'makalasi apamwamba ankachititsa atsopano masewera olimbitsa thupi mpaka kukomoka, kuwaimiritsa nji kwa nthawi yaitali, kuwamwetsa zowawa ndi kuwamenyanitsa nkhonya. Ozunzawo ankati akuchotsa uchinyamata mwa munthu kuti musale msilikali.

Oscar Booz, mnyamata wa ku Pennsylvania, adalowa sukuluyi mu 1898 ndipo adasiya patangopita miyezi yochepa. Adamwalira ndi chifuwa chachikulu mu Disembala 1900. Abale ake adanena kuti thanzi lake lidayamba kuwonongeka chifukwa chomwetsedwa tsabola wamadzi wa Tabasco ndi kumenyedwa. Nkhaniyi idadzaza manyuzipepala, ndipo nyumba ya malamulo ya Congress idatumiza aphungu kukafufuza. Mmodzi mwa makadeti amene adapereka umboni anali Douglas MacArthur, yemwe nayenso adazunzidwapo mpaka thupi lonse kuchita kugwedezeka. Ofufuza sadapeze kuti nkhanzazo ndi zimene zidapha Booz, komabe adadzudzula mwambowo, ndipo mu 1901 lamulo loletsa kuzunza atsopano lidakhazikitsidwa. Lamulolo silidathetse khalidweli, lidangolilowetsa m'zipinda. Koma dziko lidavomereza poyera kuti pali kuvutitsa kwina kumene si maphunziro.

Chilango cha kusalankhulidwa

Nkhanza ina inalibe chibakera. Makadeti akagwirizana kuti mnzawo ndi wosafunika, ankasiya kumuyankhula kupatula pa nkhani za ntchito. Wosalidwayo ankagona m'chipinda yekha, kudya popanda wocheza naye ndi kudutsana ndi anzake ngati palibe munthu. Chilangochi chinkayenera kugwera ophwanya lamulo la ulemu loletsa bodza, kubera mayeso ndi kuba, koma chidagwiritsidwanso ntchito posala anthu akuda. Henry O. Flipper, yemwe adabadwira mu ukapolo ku Georgia ndipo adakhala munthu wakuda woyamba kumaliza maphunziro pa sukuluyi mu 1877, adakhala zaka zake zinayi mosungulumwa chotero. Benjamin O. Davis Jr., amene adamaliza mu 1936, adasalidwanso zaka zonse zinayi. Pambuyo pake adatsogolera gulu la oyendetsa ndege akuda la Tuskegee pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anthu awiriwa adapirira, koma panalinso anyamata ena akuda amene adalowa m'zaka zimenezo osafika kumapeto.

Mwambowu udatha mu 1973, itamveka nkhani ya James Pelosi, kadeti amene anzake adamusala kwa miyezi yoposa 18 ngakhale akuluakulu a sukulu anali atathetsa mlandu wake. Iye adamaliza maphunziro chaka chomwecho, ndipo manyuzipepala atafalitsa zimene adadutsamo, makadeti eni ake adasiya chilangocho.

Zimene nkhondo zidaphunzitsa

Kusintha kwa maganizo kudachokera kunja kwa mpanda wa sukulu, ku mabwalo a nkhondo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, asilikali ambiri ankabwera kuchokera m'maenje akunjenjemera, osatha kuyankhula kapena kugona, ngakhale analibe bala. Dokotala wa ku Britain, Charles Myers, adalemba za vutoli mu 1915 ndi kulitcha shell shock. MacArthur atabwerera kuchokera ku nkhondoyo adatsogolera West Point kuyambira 1919 mpaka 1922. Iye adaona kuti asilikali a masiku amenewo anali anthu wamba oitanidwa ku nkhondo, amene sangatsogoleredwe ndi ukali wokha. Adayesa kuchepetsa nkhanza pa atsopano, adapatsa maofesala udindo wowaphunzitsa, adachulukitsa masewera ndi kulola makadeti kutulukako. Zina mwa zimenezi zidabwezedwa iye atangochoka.

Pa nkhondo yachiwiri, mu Ogasiti 1943 ku Sicily, Jenerale George Patton, amenenso adaphunzira pa West Point, adamenya mbama asilikali awiri amene adawapeza m'chipatala cha kunkhondo atafooka ndi mantha, nawanena kuti ndi amantha ongothawa nkhondo. Mkulu wake, Dwight Eisenhower, adamulamula kupepesa. Nkhondo itatha, mu 1946, Eisenhower adalembera kalata mkulu wa sukuluyi, Maxwell Taylor, yomulangiza kuti makadeti aziphunzitsidwa za maganizo a munthu ndi kusamalira anthu amene akuwatsogolera. Pamenepo padabadwa ofesi yophunzitsa za maganizo ndi utsogoleri, imene lero ndi nthambi ya maphunziro yotchedwa Behavioral Sciences and Leadership. Cholinga choyamba chinali chakuti kadeti adzamvetse asilikali ake, koma akatswiri a za maganizo atalowa pa sukulu, pambuyo pake adayamba kuonanso mavuto a makadeti eni ake.

Zaka za kusintha

Chaka cha 1976 chidagwedeza sukuluyi kawiri. Makadeti oposa 150 adachoka kapena kuchotsedwa pa mlandu wobera mayeso a za magetsi, ndipo komiti yofufuza, yotsogoleredwa ndi Frank Borman, idaloza chala sukulu yomweyo, osati ophunzira okha. Chaka chomwecho atsikana 119 adalowa kwa nthawi yoyamba, ndipo 62 adamaliza mu 1980. Ambiri a iwo adakumana ndi chipongwe ndi kusalidwa. Kubwera kwawo kudatsegula nkhani zimene kale sizinkatchulidwa, monga kuchitidwa nkhanza zogonana ndi matenda a kadyedwe obwera chifukwa choopa kunenepa. Mu 1980 momwemo, madokotala a ku America adalemba m'buku lawo la matenda a m'maganizo vuto lotchedwa PTSD, lomwe limagwira munthu amene waona zoopsa, potengera kwambiri zimene asilikali obwera kuchokera ku nkhondo ya ku Vietnam ankadutsamo.

Mu 1989 Louis Csoka, mphunzitsi wa za maganizo pa sukuluyi, adayambitsa malo amene lero amatchedwa Center for Enhanced Performance. Adayamba ndi osewera mpira a timu ya sukulu, kenaka khomo lidatsegulidwa kwa kadeti aliyense. Kumeneko munthu amaphunzira kupuma mofatsa mtima ukamathamanga, kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kudziikira zolinga ndi kuyeserera m'mutu chinthu chovuta asanachichite, monga kudumphira m'dziwe kuchokera pamwamba atavala yunifolomu. Amathanso kulumikizidwa ku makina oonetsa kugunda kwa mtima wake, kuti aone ndi maso mmene mpweya wokoka bwino umaukhazikira pansi. Phindu lalikulu la malowa lidali lakuti kadeti ankatha kukalankhula za mantha ake popanda kutchedwa wodwala, popeza kulimbitsa maganizo kunkaonedwa mofanana ndi kulimbitsa minofu. Mu 1990 dongosolo lakale loyang'anira a chaka choyamba lidalowedwa m'malo ndi lina, lopatsa kadeti wamkulu udindo wophunzitsa ndi kusamalira wamng'ono.

Nyengo ya nkhondo za Afghanistan ndi Iraq

Masabata oyamba pa sukuluyi ndi ovutabe mpaka lero. Tsiku lofika, wophunzira watsopano amapatsidwa kamphindi kochepa kotsanzikana ndi makolo, amametedwa, amalandira katundu, ndipo amakaonekera kwa kadeti wamkulu wovala lamba wofiira m'chiuno, amene amamubweza kangapo mpaka atayankha molondola. Maphunziro a masabata pafupifupi asanu ndi limodzi otsatira amatchedwa Beast Barracks. Katswiri wa za maganizo Angela Duckworth ndi anzake adafufuza makadeti pa nyengo imeneyi, ndipo mu 2007 adafalitsa zotsatira zosonyeza kuti khama losatopa linkalosera bwino amene adzapirire kuposa malikisi olowera pa sukulu.

Khama lokha silidayankhe zonse. Nkhondo za ku Afghanistan ndi Iraq zitatalika, chiwerengero cha asilikali a pamtunda odzipha chidakwera kwambiri, ndipo cha m'ma 2008 ndi 2009 imfa zotere zidachitikanso pakati pa makadeti. Mu 2009, motsogoleredwa ndi Jenerale George Casey, gulu lankhondo lidayambitsa pulogalamu ya Comprehensive Soldier Fitness mogwirizana ndi Martin Seligman wa pa yunivesite ya Pennsylvania, yophunzitsa msilikali aliyense luso lodzukanso akagwa m'mavuto. Akatswiri ena adadandaula kuti pulogalamuyi idafalitsidwa isadayesedwe mokwanira. Ngakhale panali mtsutso umenewo, kupewa kudzipha kudakhala phunziro la aliyense: kufunsa mnzako mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, kusamusiya yekha, ndi kumuperekeza kwa amene angamuthandize. M'zaka zomwezo Congress idalamula kuti sukulu zonse za usilikali zizipereka malipoti a chaka ndi chaka pa nkhanza zogonana, itaululika nkhani ya pa sukulu ya asilikali a m'mlengalenga mu 2003.

Mmene chisamaliro chilili masiku ano

Kadeti wovutika maganizo ali ndi makomo angapo. Loyamba ndi anzake, pakati pawo pali ena ophunzitsidwa kumvetsera ndi kuzindikira zizindikiro zoopsa. Kampani iliyonse ya makadeti ili ndi ofesala woiyang'anira, amene amayenera kudziwa kadeti amene wasiya kudya, kugona kapena kucheza. Pali abusa a zipembedzo zosiyanasiyana, amene zoyankhulidwa kwa iwo zimasungidwa mwachinsinsi. Pali malo a uphungu otchedwa Center for Personal Development, kumene akatswiri a za maganizo amakumana ndi makadeti, ndipo ofunika mankhwala amatumizidwa ku chipatala cha asilikali cha Keller, chomwe chili pa West Point pomwepo. Palinso ofesi yapadera yothandiza amene achitidwa nkhanza zogonana.

Chopinga chachikulu chotsala ndi mantha a kadeti mwini. Kuti munthu alandire udindo wa ofesala ayenera kupezeka wathanzi, ndipo matenda ena a m'maganizo angathe kumutsekera ntchito zina kapena usilikali wonse. Chifukwa cha ichi ena amabisa vuto mpaka litakula, poopa kuti likalembedwa m'buku lachipatala zaka zinayi zipita pachabe. Ena amaopa kuonedwa ofooka pamaso pa anzawo amene adzamenye nawo nkhondo limodzi. Mantha omwewa ali m'gulu lankhondo lonse, ndipo ndi amene adachititsa lamulo la Brandon Act la 2021, lotchedwa dzina la Brandon Caserta, msilikali wa pamadzi amene adadzipha mu 2018. Lamuloli limalola msilikali kupempha kuti akaonedwe ndi dokotala wa za maganizo popanda kufotokoza chifukwa kwa mkulu wake, ndipo mkuluyo ayenera kumutumiza. Ku West Point, ntchito ya akuluakulu tsopano ili pa kutsimikizira makadeti kuti kukapeza uphungu msanga kawirikawiri sikuwononga tsogolo la munthu, ndi kuwaphunzitsa kuti ofesala amene adalandirapo thandizo amadziwa bwino kulondolera msilikali wake kumene angathandizidwe.